Richard Petty, "Mfumu" ya mpikisano wa magalimoto wa NASCAR

Richard Lee Petty ndi dalaivala wakale wa mpikisano wa magalimoto wa NASCAR m'dziko la America, ndipo wakhalanso mwini timu kwa zaka zambiri. Anabadwa pa 2 Julayi 1937 ku Level Cross, kamudzi kakang'ono kufupi ndi tauni ya Randleman m'chigawo cha North Carolina. Anathamangitsa galimoto kwa zaka 35, kuyambira 1958 mpaka 1992. M'zaka zimenezi analowa mipikisano 1,184 ya ligi yaikulu, napambana 200, ndipo anatenga ukatswiri wa chaka kasanu ndi kawiri: mu 1964, 1967, 1971, 1972, 1974, 1975 ndi 1979. Palibe dalaivala wina amene anafikapo pafupi ndi 200. Womutsatira, David Pearson, analekera pa 105. Anthu okonda masewerowa amangomutchula kuti "The King", kutanthauza Mfumu, ndipo amamudziwa ndi galimoto ya buluu ya nambala 43, chipewa cha abusa a ng'ombe chokhala ndi nthenga, ndi magalasi akuda.

Mpikisano wake ndi wotani

Magalimoto a NASCAR amatchedwa stock car chifukwa pachiyambi anali magalimoto wamba, ofanana ndi amene munthu amagula m'sitolo n'kumayendera kutchalitchi. Si ofanana ndi a Formula 1 amene matayala ake ali pamtunda ndipo dalaivala amakhala ngati wagona. Lero dzina lokha ndi limene latsala: kunja kumaoneka ngati Chevrolet, Ford kapena Toyota, koma m'kati muli mafupa a mapaipi achitsulo otetezera dalaivala, mulibe zitseko zotseguka, ndipo munthu amalowera pawindo.

Mabwalo ambiri ndi ozungulira ngati dzira, ndipo magalimoto amakhotera kumanzere kokhakokha. Bwalo la Daytona ku Florida ndi lotalika makilomita 4 kulizungulira kamodzi, ndipo m'makona mwake msewu unapendekeka kwambiri moti munthu woyenda pansi amavutika kukwera. Mpikisano wotchuka kuposa yonse, Daytona 500, ndi wa mamailosi 500, omwe ndi makilomita pafupifupi 805. Mtunda umenewu ukuposa ulendo wochoka ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi ku Ngauma mpaka ku Lichinga n'kubwereranso, koma iwo amautha m'maola atatu kapena anayi, magalimoto pafupifupi 40 atathithikana, liwiro likufika makilomita 300 pa ola.

Kwa woonera koyamba, zimaoneka ngati kungoponda moto n'kumazungulira. Nzeru yake yagona pa mphepo, matayala ndi petulo. Galimoto ikatsata ina pafupi kwambiri, yakutsogolo ndiyo imang'amba mphepo, yakumbuyo n'kumasunga mphamvu yoti idumphire nayo pa nthawi yoyenera. Matayala amadyeka msanga, ndipo mkulu wa amakaniko ndiye amasankha nthawi yoimitsa galimoto, komanso ngati asinthe matayala anayi, awiri, kapena angothira petulo. Mipikisano yambiri imapambanidwa kapena kuluzidwa pa masekondi ochepa amenewa.

Chiyambi cha masewerowa chili ndi fungo la kachasu. Kum'mwera kwa America kunali anthu otcheza mowa woletsedwa m'mapiri, ndipo anyamata ouzembetsa usiku ankakometsa injini za magalimoto awo kuti apolisi asawapeze. Kumapeto kwa sabata ankapikisana m'mabwalo afumbi kuti aone wa galimoto yothamanga. Bill France Sr. ndiye anasonkhanitsa zonsezi pansi pa malamulo amodzi, ndipo bungwe la NASCAR linakhazikitsidwa mu Febuluwale 1948.

Ntchito ya pabanja

Bambo ake a Richard, a Lee Petty, anali mlimi komanso ankachita geni ya malole. Analowa mpikisano woyamba wa ligi yaikulu ku Charlotte pa 19 Juni 1949, ali ndi zaka 35, pa galimoto ya Buick yobwereka kwa mnzawo. Anaigubuduza. Phunziro limene anatolapo linali lakuti galimoto yolemera imadya ndalama, ndipo anagula Plymouth yopepuka, n'kuyamba kuthamanga mosamala kuti azimaliza mpikisano uliwonse ndi kulandira kenakake. Kwa iwo mpikisano sunali masewero, unali mpamba wodyetsera banja. Anatenga ukatswiri mu 1954, 1958 ndi 1959, napambana mipikisano 54.

Galaja inali kuseri kwa nyumba. Richard ndi mng'ono wake Maurice anakulira mmenemo, akutsuka zitsulo ndi kupatsira masipanala, pamodzi ndi msuweni wawo Dale Inman. Anyamata atatuwa ndiwo anadzakhala msana wa timu ya Petty Enterprises: Richard pa chiwongolero, Maurice pa injini, Inman monga mkulu wa amakaniko. N'kovuta kukamba za kupambana kwa Richard popanda awiri enawa, ngakhale kuti dzina lotchuka ndi la mmodzi.

A Lee anakana kuti mwana wawo athamangitse galimoto asanakwanitse zaka 21. Atangozikwanitsa mu Julayi 1958, analowa mpikisano wake woyamba ku Columbia m'chigawo cha South Carolina, ndipo pa 18 Julayi analowa woyamba wa ligi yaikulu ku Toronto m'dziko la Canada. Tsiku limenelo amene anamugunda n'kumuchotsa panjira anali bambo ake omwe, amene anapitirira n'kupambana. Chaka chotsatira ku bwalo la Lakewood ku Atlanta, Richard anaulutsiridwa mbendera ya wopambana, koma dalaivala wina anakadandaula kuti maulendo ozungulira awerengedwa molakwika. Wodandaulayo analinso a Lee. Atawerenganso, chipambano chinapita kwa bambo, mwana n'kukhala wachiwiri. Richard anapambana koyamba pa 28 Febuluwale 1960 ku Charlotte.

Nambala 43 inabwera chifukwa bambo ake ankayendetsa 42. Mtundu wa buluu wowala umene umatchedwa ndi dzina la banjali unabwera mwangozi: penti yoyera inali yosakwana, ya buluu wakuda inalinso yosakwana, ndiye anazisakaniza.

A Lee ndiwo anapambana Daytona 500 yoyamba mu 1959, pa mpikisano wothinana kwambiri ndi Johnny Beauchamp moti akuluakulu anatha masiku atatu akuunika zithunzi asanalengeze wopambana. Pa bwalo lomwelo mu Febuluwale 1961, magalimoto a anthu awiri omwewa anakolana n'kuboola mpanda, kugwera kunja kwa bwalo. A Lee anavulala kwambiri, anakhala m'chipatala miyezi ingapo, ndipo ntchito yawo yothamanga inathera pomwepo ngakhale anayeserako kangapo pambuyo pake. Richard anali ndi zaka 23, Maurice 21. Galaja, antchito ndi ngongole zonse zinagwera pa iwo.

Zaka za Plymouth

Mu 1964 kampani ya Chrysler inabweretsa injini yamphamvu yotchedwa Hemi. Ndi injini imeneyi Petty anatsogola maulendo 184 mwa 200 a Daytona 500, napambana, ndipo chaka chomwecho anatenga ukatswiri wake woyamba. NASCAR inaona kuti injiniyo yaposa ena onse, niiletsa. Chrysler inanyanyala, ndipo Petty, amene ankadalira kampaniyo, anakhala kunja kwa gawo lalikulu la chaka cha 1965. Anapita ku mpikisano wina wothamanga pamsewu wowongoka waufupi. Kumeneko, pa 28 Febuluwale 1965 ku Dallas m'chigawo cha Georgia, chitsulo cha galimoto yake chinathyoka, galimotoyo inalowa m'gulu la oonerera, nipha kamnyamata ndi kuvulaza anthu ena angapo. Nkhani imeneyi sitchulidwa kawirikawiri pa zikondwerero za mbiri yake, koma ndi gawo la mbiriyo.

Atabwerera ku NASCAR anapambananso Daytona 500 mu 1966. Kenako kunabwera chaka cha 1967, chimene mpaka lero palibe wachiyandikira. Pa mipikisano 48 imene analowa, anapambana 27, ndipo khumi mwa iyo inali yotsatizana, kuyambira mu Ogasiti mpaka tsiku loyamba la Okutobala. Mu Meyi chaka chomwecho, ku Darlington, anadutsa chiwerengero cha bambo ake cha 54. Chodabwitsa n'chakuti galimoto imene inachita zambiri mwa izi inali Plymouth Belvedere ya 1966 yongokonzedwanso, osati yatsopano. Dzina la Mfumu linamatirira chaka chimenecho.

Mu 1969 anasamukira ku Ford kwa chaka chimodzi chifukwa Chrysler inakana kumupatsa galimoto ya Dodge yodula bwino mphepo imene ankaifuna. Anapambana mipikisano khumi, kuphatikizapo wake wa nambala 100. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe latsopano la madalaivala, Professional Drivers Association. Bwalo lalikulu la Talladega ku Alabama litatsegulidwa mu Sepitembala, madalaivala anaona kuti matayala akuphulika atangozungulira maulendo ochepa chifukwa cha liwiro. Anapempha kuti mpikisano uimitsidwe kaye. Bill France Sr., amene analinso mwini bwalolo, anakana. Petty anakweza galimoto yake palole n'kubwerera kwawo, ndipo akatswiri ambiri anamutsatira. France anadzaza bwalo ndi madalaivala a ligi yaing'ono, mpikisano unachitika, Richard Brickhouse napambana, ndipo bungwe la madalaivala silinakhalitse. Pa mkangano umenewo France ndiye anapambana, ndipo kuyambira pamenepo zinadziwika kuti mwini masewerowa ndani.

Plymouth inamukopanso mu 1970 ndi galimoto ya Superbird, ya mphuno yosongoka ndi phiko lalitali kumbuyo. Timu ya banjali inapambana Daytona 500 ya chaka chimenecho ndi dalaivala wake wachiwiri, Pete Hamilton. Mu Meyi, ku Darlington, Petty anawomba khoma la konkire, galimoto inagubuduka kangapo n'kuima chadodolido, mkono wake ukulendewera pawindo, anthu akuonera pa kanema. Anapulumuka ndi phewa loguluka. Ngozi imeneyi ndi imene inachititsa kuti NASCAR ilamule kuti pawindo la dalaivala aliyense pakhale ukonde.

Ndalama za fodya ndi za mafuta

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 masewerowa anasintha nkhope, ndipo chimene chinawasintha ndi mbewu imene alimi a ku Ngauma, Mandimba ndi Cuamba amaidziwa bwino. Boma la America litaletsa kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa kanema mu 1971, kampani ya fodya ya R.J. Reynolds ya ku North Carolina inatenga ndalama zake zotsatsira malonda n'kuzithira mu NASCAR. Ligi inatchedwa Winston Cup, dzina la ndudu, mpaka 2003. Mu 1972 mipikisano ya pachaka inachepetsedwa kuchoka pa 48 kufika pa 31, ndipo timabwalo tating'ono tambiri tinachotsedwa. Mabwalo afumbi anali atasiyidwa kale. Mpikisano womaliza wa pafumbi wa nthawi imeneyo, ku Raleigh mu Sepitembala 1970, anapambana ndi Petty yemweyo.

Nthawi yomweyo makampani opanga magalimoto anasiya kulipirira matimu. Petty anali atangomaliza chaka cha 1971 ndi zipambano 21, ukatswiri wachitatu, ndi mbiri yokhala dalaivala woyamba wa NASCAR kupeza madola 1 miliyoni pa ntchito yake yonse, komabe analibe womuthandiza wa chaka chotsatira. Mu Januwale 1972 anakumana ndi Andy Granatelli, mkulu wa kampani ya STP yopanga mankhwala othira mu oyilo wa injini. Pa ndalama anagwirizana msanga, madola 250,000. Anatsala pang'ono kusiyana pa penti. Granatelli ankafuna galimoto yofiira yonse monga mwa chizindikiro cha kampani yake, Petty anakana kutaya buluu wa banja. Anagawana galimotoyo, mbali ina yofiira, ina ya buluu, ndipo mgwirizanowo unakhala umodzi mwa yokhalitsa kwambiri m'mbiri ya masewero a ku America.

Panali malonda amodzi amene timuyi inkawakana: mowa. Petty analonjeza mayi ake, a Elizabeth, kuti sadzamata chizindikiro cha mowa pa galimoto ya banja, ndipo chifukwa cha lonjezoli timuyi inkadzimana mphoto zina zimene kampani ya mowa inkapereka.

Ukatswiri unabweranso mu 1972, 1974 ndi 1975, ndipo Daytona 500 anaipambana mu 1971, 1973 ndi 1974. Ya 1974 inafupikitsidwa ndi mamailosi 50 chifukwa cha vuto la mafuta limene linagwedeza dziko lonse. Mdani wake wamkulu pa bwalo anali David Pearson wa timu ya Wood Brothers. Awiriwa anamaliza woyamba ndi wachiwiri maulendo 63, ndipo Pearson ndiye anali patsogolo maulendo 33. Petty mwiniwake wakhala akunena kuti Pearson ndiye dalaivala wabwino koposa amene anapikisana naye. Pa Daytona 500 ya 1976 anagundana pa kona yomaliza ya ulendo womaliza, onse n'kuwomba khoma. Galimoto ya Petty inakaima pa udzu, mamita ochepa kuti ifike pa mzere womalizira, injini itazima. Pearson anaponda kilatchi kuti yake isazime, nayenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya ng'ombe, galimoto ili yophwanyika, mpaka kudutsa mzere.

Chaka cha 1978 chinatha osapambana ngakhale kamodzi, ndipo kumapeto kwake madokotala anamuchotsa gawo lalikulu la chifu chifukwa cha zilonda za m'mimba. Patangopita miyezi iwiri, pa 18 Febuluwale 1979, anali pa mzere woyambira Daytona 500. Unali ulendo woyamba kuti mpikisanowu uonetsedwe wonse pa kanema nthawi yomwe ukuchitika, ndipo chipale chofewa chinatsekera anthu ambiri m'nyumba kum'mawa kwa America. Pa ulendo womaliza, atsogoleri awiri, Donnie Allison ndi Cale Yarborough, anagundana n'kukathera pa udzu. Petty, amene anali kutali kumbuyo pa nambala yachitatu, anadutsa n'kupambana, pamene kuseri Yarborough ndi abale awiri a Allison anali atayambana zibakera, makamera akujambula. Ambiri amati tsiku limenelo ndi limene linatulutsa NASCAR kum'mwera n'kuifikitsa dziko lonse. Chaka chomwecho Petty anatenga ukatswiri wake womaliza, ataposa Darrell Waltrip ndi mapointi 11 okha.

Kuchokera pa 198 kufika pa 200

Mu 1980 anathyoka fupa la m'khosi pa ngozi ya ku Pocono, nabisa kuti asaletsedwe kuthamanga. Daytona 500 yake yachisanu ndi chiwiri, mu 1981, inali ya Dale Inman kuposa ya wina aliyense: pa kuima komaliza, ena onse akusintha matayala, Inman analamula kuti angothira petulo, ndipo masekondi opulumutsidwawo anakwanira. Patangopita masiku ochepa Inman anachoka kupita ku timu ina. Anadzatenga ukatswiri wachisanu ndi chitatu ndi Terry Labonte mu 1984, kuposa msuweni wake ndi umodzi.

Banga lalikulu pa mbiri ya Petty linabwera mu Okutobala 1983 ku Charlotte. Atapambana mpikisano wake wa nambala 198, oyendera magalimoto anapeza kuti injini inali yaikulu kuposa mlingo wololedwa, komanso matayala a kumanzere anaikidwa kumanja, chinthu choletsedwa. Analipitsidwa madola 35,000 ndi kulandidwa mapointi 104, koma chipambanocho sanalandidwe, ndipo mpaka lero chikuwerengedwa pa 200 aja. Maurice anavomera kuti injiniyo inali ntchito yake. Kumapeto kwa chakacho Richard anachoka pa timu ya banja lake n'kukayendetsera Mike Curb, mkulu wa kampani yojambula nyimbo, atatenga nambala 43 ndi STP.

Motero chipambano cha 200 sichinabwere pa galimoto ya Petty Enterprises. Chinachitika ku Daytona pa 4 Julayi 1984, tsiku la ufulu wa America, Pulezidenti Ronald Reagan ali pabwalo, mtsogoleri woyamba wa dzikolo kuonerera mpikisano wa NASCAR ali pa mpando. Kutatsala maulendo ochepa kunachitika ngozi, ndipo aliyense anadziwa kuti wofika patsogolo pa mzere ulendo umenewo ndiye wapambana. Petty ndi Yarborough anafika atagundana nthiti, utsi ukufuka, Petty ali patsogolo ndi kachigawo kakang'ono ka mphuno ya galimoto. Galimotoyo inaperekedwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington.

Sanapambanenso. Anabwerera kwawo mu 1986, nathamanga zaka zina zisanu ndi ziwiri akumka nabwerera m'mbuyo. Mu 1988 anagubuduka koopsa pa Daytona 500. Mu 1989 analephera kupeza malo pa mpikisano wa ku Richmond, zimene zinadula mndandanda wa mipikisano 513 yotsatizana imene analowa kuyambira 1971. Ena amati anachedwa kusiya, ndipo ziwerengero zikuwavomereza. Koma timu ya banja, antchito ake ndi mgwirizano wa STP zonse zinkatsamira pa iye kukhala m'galimotomo. Mpikisano wake womaliza unali ku Atlanta pa 15 Novembala 1992, ali ndi zaka 55. Anachita ngozi, galimoto inagwira moto, koma amakaniko anaigwirizagwiriza kuti athe kuzungulira maulendo omaliza, namaliza pa nambala 35. Tsiku lomwelo mnyamata wa zaka 21, Jeff Gordon, analowa mpikisano wake woyamba wa ligi yaikulu. Mwezi wotsatira Pulezidenti George H. W. Bush anamupatsa mendulo ya Presidential Medal of Freedom.

Mwini timu

Mbiri ya Petty monga mwini timu wosayendetsa yekha ndi yosiyana kwambiri ndi ya Petty dalaivala. Pa nthawi imene ankatsika m'galimoto, masewerowa anali atapita m'manja mwa eni chuma monga Rick Hendrick ndi Jack Roush, okhala ndi magalimoto awiri kapena atatu, mainjiniya ophunzira ku yunivesite ndi makompyuta. Matimu amenewa anasonkhana kuzungulira mzinda wa Charlotte, kumene makaniko waluso amangodutsa msewu kukapeza ntchito ina. Petty Enterprises inakhalabe ku Level Cross, pafupi ndi nyumba ya makolo, ikuchita zinthu monga inkachitira kale. Kukhulupirika kumeneku kunali kokoma kumva, koma kunaidula timuyo.

Nambala 43 inapambana katatu kokha m'zaka za m'ma 1990: Bobby Hamilton ku Phoenix mu 1996 ndi ku Rockingham mu 1997, kenako John Andretti ku Martinsville mu Epulo 1999. Chimenecho chinali chipambano cha 268 cha Petty Enterprises, ndiponso chomaliza. Chiwerengerochi chinakhala chosaposedwa mpaka Meyi 2021, pamene timu ya Hendrick inachidutsa.

Chiyembekezo cha banja chinali pa mdzukulu. Mwana wa Richard, Kyle, anapambana mipikisano isanu ndi itatu ya ligi yaikulu, yonse pa matimu a anthu ena, asanabwerere kudzathandiza kuyendetsa timu ya kwawo. Mwana wa Kyle, Adam, anali wa m'badwo wachinayi, ndipo mapulani onse a timu anamangidwa pa iye. Analowa mpikisano wake woyamba wa ligi yaikulu ku Texas pa 2 Epulo 2000. Patapita masiku atatu a Lee anamwalira ali ndi zaka 86. Pa 12 Meyi, Adam anawomba khoma pokonzekera mpikisano ku New Hampshire, namwalira ali ndi zaka 19. Mu Julayi dalaivala wina, Kenny Irwin Jr., anafera pa bwalo lomwelo, ndipo mu Febuluwale 2001 katswiri Dale Earnhardt anafa pa ulendo womaliza wa Daytona 500. Imfa zimenezi ndi zimene zinakakamiza NASCAR kulamula chipangizo chogwira mutu ndi khosi la dalaivala, ndi kuika makoma ofewa m'mabwalo. Pokumbukira Adam, banjali linamanga malo a Victory Junction ku Randleman, osangalalirako ana odwala matenda aakulu popanda kulipira. Anatsegulidwa mu 2004 pa malo amene Richard ndi mkazi wake Lynda anapereka.

Zotsatira zake zinali kugulitsa pang'onopang'ono. Timu inasamuka ku Level Cross kupita ku Mooresville pokonzekera chaka cha 2008, ndipo chaka chomwecho gawo lalikulu linagulidwa ndi kampani ya Boston Ventures. Mavuto azachuma a dziko lonse atafika, othandiza anathawa, ndipo mu Januwale 2009 Petty Enterprises inaphatikizidwa ndi timu ya Gillett Evernham, n'kupanga Richard Petty Motorsports. Dzina linali lake, koma ndalama zambiri zinali za ena. Kumapeto kwa 2010 timuyo inatsala pang'ono kutsekedwa chifukwa cha ngongole, mpaka Andrew Murstein ndi anzake anaigula, Petty naikamonso ndalama zake. Kasey Kahne anaipambanira kawiri mu 2009, Marcos Ambrose wa ku Australia mu 2011 ndi 2012, ndipo mu Julayi 2014 Aric Almirola anabwezera nambala 43 pa chipambano ku Daytona, pa mpikisano umene unadulidwa ndi mvula. Lynda, amene anabereka naye ana anayi, anali atamwalira mu Malichi chaka chomwecho.

Mu 2018 timuyi inapereka nambala 43 kwa Bubba Wallace, dalaivala wakuda woyamba kuthamanga chaka chathunthu mu ligi yaikulu chichokereni Wendell Scott kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Pa Daytona 500 yake yoyamba anamaliza wachiwiri. Mu Juni 2020 Wallace anapempha poyera kuti mbendera ya Confederate, imene anthu akuda ambiri amaiona ngati chizindikiro cha ukapolo, iletsedwe m'mabwalo, ndipo NASCAR inailetsa. Masabata awiri asanathe, m'galaja yake ku Talladega munapezeka chingwe chomangidwa ngati chopachikira munthu. Petty, ali ndi zaka 82 komanso nthawi ya mliri wa Covid-19, anakwera ndege kupita kukaima pambali pa dalaivala wake, pamene madalaivala onse anakankha galimoto ya nambala 43 mpaka kutsogolo kwa mzere. Apolisi a FBI atafufuza anapeza kuti chingwecho chinali chokokera chitseko ndipo chinalipo kuyambira chaka chapitacho, Wallace asanapatsidwe galajayo. Wallace anachoka kumapeto kwa chakacho kupita ku timu yatsopano ya Michael Jordan ndi Denny Hamlin.

Mu Disembala 2021 Maury Gallagher anagula gawo lalikulu la timuyi, niitcha Petty GMS. Pa 4 Sepitembala 2022 Erik Jones anapambana Southern 500 ku Darlington, chipambano cha 200 cha nambala 43, patatha zaka 55 zenizeni kuchokera tsiku limene Petty anapambana mpikisano womwewo mu 1967. Mu 2023 Jimmie Johnson atalowa monga mmodzi wa eni ake, timuyi inasintha dzina kukhala Legacy Motor Club. Kwa nthawi yoyamba chiyambire 1949, dzina la Petty linachoka pa chikwangwani cha timu ya ligi yaikulu, mwini dzinayo n'kutsala ngati kazembe wa timu.

Za 200 aja

Pali mkangano wosatha woti chiwerengero cha 200 chimatanthauzanji. Otsutsa amati zipambano zambiri zinabwera pa nthawi imene chaka chinkakhala ndi mipikisano pafupifupi 50 kapena kupitirira apo, mpaka 62 mu 1964, ina ya pa timabwalo tafumbi pakati pa sabata, pamene akatswiri ena sankabwera n'komwe, ndipo Petty anali ndi galimoto ya kampani pakati pa anthu odzilipirira okha. Zimenezi n'zoona. N'zoonanso kuti kuyambira 1972, mipikisano itachepa ndipo akatswiri onse akupezeka, anapambanabe 60 ndi kutenga ukatswiri kanayi. Ukatswiri kasanu ndi kawiri anafikapo ndi anthu awiri okha, Dale Earnhardt mu 1994 ndi Jimmie Johnson mu 2016. Daytona 500 kasanu ndi kawiri palibe wafikapo. Ndi mipikisano 36 pachaka monga zilili lero, dalaivala wopambana khumi chaka chilichonse angafunike zaka 20 kuti afike pa 200.

Kunja kwa bwalo, Petty anakhala khansala wa boma la Randolph County kwa zaka 16, ndipo mu 1996 anapikisana nawo pa udindo wa Secretary of State wa North Carolina koma anagonja kwa Elaine Marshall. Ana ambiri anamumva mawu mu filimu ya zidole ya Cars ya 2006, mmene analankhulira galimoto ya buluu yotchedwa The King. Amadziwikanso ndi siginecha yake yopotanapotana, imene amalemba mosathamanga kwa aliyense woipempha.

Kuno kum'mwera kwa Africa, mpikisano wa magalimoto wofala ndi wa rally, umene magalimoto amanyamuka imodziimodzi m'misewu yafumbi, akupikisana ndi wotchi. Ku Zambia, Satwant Singh anatenga ukatswiri wa rally wa Africa kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000, ndipo ku Mozambique mipikisano ya pa bwalo imachitikira ku bwalo la ATCM ku Maputo. Bwalo lozungulira la mtundu wa NASCAR linamangidwa ku Phakisa, kufupi ndi Welkom ku South Africa, kumene magalimoto a stock car ochokera ku America anathamangako mu Januwale 2010.

Galaja yakale ya ku Level Cross ilipobe. Mbali ina ndi nyumba yosungiramo zikho ndi magalimoto a banjali, mbali ina amakonzeramo magalimoto akale a makasitomala. Richard analowetsedwa mu NASCAR Hall of Fame m'gulu loyamba mu 2010, a Lee mu 2011, Dale Inman mu 2012, ndipo Maurice, amene anamwalira mu Julayi 2020, analowetsedwa mu 2014.